Kufika ndi Phazi pa Khonde

Usiku wachitatu ku Chiputula.
Mvula yamawawa ikunong'ona pa malata,
ine ndavala majuzi awiri, zala zauma ndi chisanu,
ndikumanga kompyuta m'mimba mwa kompyuta inzake:
mlendo wosadziwa kuti ndi mlendo,
woyesa kuti chipinda chobwereka ndi nyumba ya bambo ake.

Nthenda yake inali imodzi.
Akatuma disiki kuti ilembe kanthu
ankaima chilili, manja lende,
wotchi yake n'kuima naye,
kamuvi ka pa sikirini n'kuuma gwa,
dziko lonse la m'katimo kugwira mpweya
mpaka chitsulo chozungulira chimalize kuganiza.

Ndinamuuza za a Msowoya, telala wa ku Zigwagwa,
amene salola munthu kuwaimirira pamutu.
Siya nsalu, tenga kapepala ka nambala,
pita ukagule tomato, ukakwere sakaramento,
ikatha ndikuimbira.
Choncho ndinamulembera mzere wa zopempha,
ndinamulembera antchito anayi osaoneka
onyamula katundu kudzera khomo la kuseri,
ndi kabelu kolira ntchito ikatha.

Mlendo wanga anamasuka miyendo.
Akutuma uku akuwerengera,
akutuma uku akujambula mawindo ake.
Ndinaseka ndekha ngati wopenga, thu koloko ya usiku,
galu wa aneba n'kundiyankha.

Kenako magetsi anapita osatsanzika.
Batire ya laputopu inamwalira chaka chatha,
sindinalire maliro ake, ndinalibe ndalama.

M'mawa nditayatsa, mafayilo ali mbwee.
Apa mutu wopanda thupi,
apo theka la dzina, kwinaku ziro zokhazokha.
Pempho lachisanu linafika lachiwiri lisananyamuke.
Choipitsitsa, kabelu kanga kanali katalira kale,
kakuti zalembedwa, zalembedwa,
pamene katundu anali akadali pamutu pa wonyamula,
m'chikumbukiro chimene chimafera limodzi ndi magetsi.
Ndine ndinakaphunzitsa bodzalo.
Lili pa mzere wa mazana atatu ndi khumi,
m'zilembo zanga zomwe.

Ndinakumbuka mlongo wanga Gomezgani
tsiku lija ankachokera ku Lilongwe.
"Ndafika, ndili pa Katoto," anatero pa foni,
basi ikadali kupapasa chifunga cha ku Chikangawa.
Tinatenthetsa madzi osamba, anazizira.
Tinatenthetsanso, makala n'kutha.
Amayi anakhala pa mpando wa pakhomo mpaka tambala,
nsalu kumutu, foni pa bondo.
Anafika ndithu, dzuwa litakwera,
pa lole ya matabwa, nsapato imodzi, akuseka.
Amayi sanaseke.
Anangoti, "Kufika ndi phazi pa khonde."
Mpaka lero mawu a pa foni amawamva ngati mphepo.

Ndiye ndabwerera ku mzere wa mazana atatu ndi khumi.
Antchito anayi aja azithamangabe, sindikuwamanga,
apitirirane m'njira mmene angafunire.
Koma mlendo akanena kuti
izi zokha ndikufuna ndidziwe kuti zagona pa chitsulo,
onse aime, atule, disiki ivomere ndi pakamwa pake,
kabelu kalire pambuyo.

Liwiro latsika pang'ono. Ndaliona pa manambala,
landiwawa ngati chenji chosowa.

Tsopano sindidikira a magetsi kuti andiyese.
Ndimazula ndekha pulagi pa khoma
makina ali pakati pa kulemba.
Kachisanu ndi chiwiri lero.
Chimbudzi cha aneba chatsekulidwa, wina akutsokomola,
wogulitsa nthochi wadutsa kale kumsewu.
Ndabwezera pulagi, ndadina batani,
fani yayamba kupuma,
ndipo m'kamphindi aka sikirini isanayere
ndapezeka ndakhala ngati amayi,
msana woongoka, tiyi wazizira m'kapu,
khutu lili ku geti.